Timu ya Crossmaglen ndi bwalo lomwe asilikali analanda

Crossmaglen ndi katauni kakang'ono kummwera kwa boma la Armagh, ku Northern Ireland, pafupi kwambiri ndi malire a dziko la Ireland. Anthu ake sakwana n'komwe 2,000. Komatu timu ya m'katauni kameneka, Crossmaglen Rangers, yatengapo chikho cha makalabu a pachilumba chonse cha Ireland kasanu ndi kamodzi pa mpira wa Gaelic, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 mbali ina ya malo a bwalo lake inali m'manja mwa asilikali a Britain. Ambiri akamakamba za timuyi amalumikiza zinthu ziwirizi, n'kumati nkhanza za asilikali ndi zimene zinalimbitsa anyamatawo. Nkhani yotere imakoma m'khutu, koma mukaika zaka pamndandanda simagwirizana nazo kwenikweni.

Tiyambe ndi mpirawo, poti ambiri a ife sitinauonepo. Mbali iliyonse kumakhala osewera 15. Mpira wake ndi wozungulira ngati wamiyendo uja, kungoti ndi wolemererako pang'ono, ndipo amaugwira ndi manja. Munthu akaugwira saloledwa kuthamanga nawo masitepe opitirira anayi. Akafika pamenepo ayenera kuumenyetsa pansi kuti ubwerere m'manja, kapena kuugwetsera paphazi n'kuukankha pang'ono ndi chala kuti udumphire m'manja, uku akuthamangabe. Kuumenyetsa pansi kawiri motsatizana ndi mlandu. Kuuponya ngati mwala nakonso ndi mlandu. Popatsira mnzako umaumenya ndi chibakera kapena chikhatho, apo ayi ndi phazi. Golo lake limaoneka ngati chilembo cha H. Mpira ukalowa muukonde pansi pa mtanda ndi chigoli, ndipo chimawerengedwa mapointi atatu. Ukadutsa pamwamba pa mtanda pakati pa mitengo iwiri ija ndi pointi imodzi. N'chifukwa chake zotsatira amazilemba modabwitsa. Mukaona 2-13, ndiye kuti zigoli ziwiri ndi mapointi 13, zonse pamodzi 19. Timu yomwe ili ndi 0-14 imagonja kwa yomwe ili ndi 1-12, ndipo zimenezi zidzatithandiza kutsogoloku. Kuyambira 2025 anawonjezapo lamulo loti womenya kuchokera kunja kwa mzere wa mamita 40 apatsidwe mapointi awiri, koma nkhani yathu yonse inachitika lamuloli lisanabwere.

Bungwe loyendetsa masewerowa, Gaelic Athletic Association, lomwe aliyense amangoti GAA, linakhazikitsidwa pa 1 November 1884 mu Hayes' Hotel ku Thurles, ku Tipperary. Amene analimbikira kwambiri anali mphunzitsi wina wa ku Clare, Michael Cusack, ndipo pulezidenti woyamba anali Maurice Davin, katswiri wa masewero othamanga ndi oponya. Pa nthawiyo chilumba chonse chinali pansi pa Britain, ndipo Cusack ankaona kuti masewero a makolo, monga hurling womwe amasewera ndi ndodo, akuzimirira pomwe kiriketi ndi ragibe akufalikira. Choncho GAA inabadwa ili kale ndi fungo la ndale. Amene anavomera kukhala nkhoswe zake anali Arkibishopu Thomas Croke, Charles Stewart Parnell ndi Michael Davitt, onse odziwika pomenyera ufulu wa a Irish. Bwalo lalikulu la bungweli ku Dublin, lomwe mumalowa anthu 82,300, limatchedwa Croke Park potengera arkibishopu uja. Pa 21 November 1920 apolisi ndi asilikali a Britain anaombera khamu la anthu oonerera mpira pabwalo limenelo n'kupha anthu 14, mmodzi wa iwo wosewera wa Tipperary, Michael Hogan.

Chimene chimasiyanitsa GAA ndi mpira womwe tinazolowera si malamulo a pabwalo ayi, koma kuti wosewera salandira malipiro ndipo sagulitsidwa. Ngakhale uja wosewera pamaso pa anthu 82,000 Lamlungu, Lolemba m'mawa amapezeka m'kalasi akuphunzitsa kapena akukama ng'ombe. Umasewerera kalabu ya kwanu, kumene unabadwira kapena kumene ukukhala, ndipo m'madera ambiri malire ake amatsata malire a parishi ya Katolika. Kusintha kalabu kulipo, makamaka munthu akasamukira mumzinda kukagwira ntchito, koma ndi nkhani yodutsa m'makomiti, ndipo kusamukira kwa oyandikana nawo chabe chifukwa akupambana ndi chinthu chomwe anthu amakukumbutsa mpaka ukalamba. Makalabu otere alipo oposa 2,000 pachilumbachi. Akatswiri a m'makalabu amasankhidwa kukapanga timu ya dera lalikulu lomwe kwawoko amati county, lofanana ndi boma kwathu kuno, ndipo maboma amenewa alipo 32. Choncho munthu mmodzi amavala malaya awiri, a kalabu ndi a boma lake, koma a kalabu ndi amene anayamba kuvala ali kamwana ndipo ndi amenenso adzamalizire.

Ku Crossmaglen mpirawu unafika msanga. Kalabu yoyamba inapangidwa mu 1887, patangopita zaka zitatu GAA itabadwa, ndipo dzina lake linali Red Hands. Inatenga chikho cha Armagh mu 1906, kenako inagawikana, ndipo dzina la Rangers linayamba mu 1909. Malaya omwe timuyi imavala ndi amizeremizere yakuda ndi yachikasu. Inapambana zaka zitatu zotsatizana kuyambira 1911, ndi zisanu zotsatizana kuyambira 1923 mpaka 1927. Pakati pa zaka zimenezi m'pomwe chilumbachi chinagawidwa, mu 1921, ndipo mzere wa malire unadutsa makilomita ochepa chabe kuchokera m'tauniyi. Maboma asanu ndi limodzi a kumpoto anatsala mu United Kingdom, ndipo Armagh inali m'gulu limenelo. Anthu a ku Crossmaglen, pafupifupi onse Akatolika odzitcha a Irish, anapezeka ali mbali ya malire yomwe sankaifuna. GAA yokha sinalabadire mzerewo: mpaka lero mpikisano wa chigawo cha Ulster umaphatikiza maboma asanu ndi anayi, asanu ndi limodzi a kumpoto ndi atatu a m'dziko la Ireland, ndipo opambana amapita ku Dublin.

Zipolowe zazikulu zinabuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pakati pa ofuna kuti kumpoto kukhalebe mu United Kingdom, omwe ambiri anali a mipingo ya Chiprotestanti, ndi ofuna Ireland mmodzi, omwe ambiri anali Akatolika. Asilikali a Britain anatumizidwa mu 1969. Pofika 1998 anthu oposa 3,500 anali ataphedwa. Kummwera kwa Armagh gulu lankhondo la IRA, lomwe linkamenyera Ireland mmodzi, linali ndi mphamvu kwambiri moti asilikali anasiya kuyenda pamsewu poopa mabomba okwiriridwa. Chakudya, anthu, ngakhale zinyalala za kukampu zinkayenda pa helikopita. Pamwamba pa mapiri anamangapo nsanja zolondera, ndipo ina inali pabwalo la msika pakati penipeni pa tauni. Nduna ina ya Britain, Merlyn Rees, inatcha derali kuti dziko la achifwamba, dzina lomwe eni ake amadana nalo mpaka pano.

Vuto la Rangers linali loti bwalo lawo, St Oliver Plunkett Park, linagundana ndi polisi ya m'tauniyi, yomwe inasanduka kampu ya asilikali. Mu 1971 asilikaliwo anatenga mbali ina ya malo a kalabuyo, ndipo pambuyo pake analimbitsa kulandako pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Tangoganizani madzulo ena m'nyengo yozizira: ana a zaka 10 ali pamzere akuphunzira kumenya mpira pamwamba pa mtanda, kuseri kwa golo kuli chimpanda chachitsulo ndi waya, pamwamba pake munthu wamfuti akuwayang'ana. Kenako chiphokoso, helikopita ikutsika motsetsereka pamwamba pa mitu yawo, mphepo yake ikuulutsa chilichonse, mphunzitsi akukuwa koma palibe akumumva. Nthawi zina inkatera pabwalo penipenipo ndipo masewero ankaima. Magalimoto olemera ankaponda udzu n'kusiya matope okhaokha. Osewera akale amafotokoza kuti mpira ukadumpha mpanda n'kugwera m'kampu, unkabwera nthawi yomwe a mkatimo afunira, mwina utabooledwa, mwinanso osabwera n'komwe. Matimu ena ankaopa kubwera kudzasewera, ndipo makolo ena sankalola ana awo kupita kubwaloko.

Akuluakulu a kalabu sanasamuke. Chaka ndi chaka ankapita ndi dandaulo lawo kumsonkhano waukulu wa GAA, ndipo boma la Ireland linkaikamba nkhaniyi pokumana ndi la Britain. Kamunda kamodzi ka mpira kanasanduka nkhani ya pakati pa Dublin ndi London. Kwa munthu wakunja zingaoneke zokokomeza, koma kumbukirani kuti bwalo la kalabu ya GAA silikhala la khonsolo kapena la kampani. Anthu a m'deralo amasonkha okha ndalama zogulira malowo, amasalaza okha, amamanga okha nyumba yosinthiramo zovala, ndipo m'holo yake ndi momwe amachitira madansi, misonkhano ndi kudyera pambuyo pa maliro. Kulanda mbali ya malo otere kunali ngati kulowa m'nyumba ya munthu n'kutenga chipinda chimodzi mwini wake ali momwemo.

Tisanamizane kuti mbali imodzi yokha ndiyo inali ndi mlandu. Asilikali ndi apolisi ambiri anaphedwa ku Crossmaglen ndi m'midzi yozungulira, ena pabwalo la msika lomwelo, ndipo kwa Aprotestanti ambiri a kumpoto GAA inkaoneka ngati bungwe la adani awo. Anali ndi pogwira: lamulo nambala 21 la GAA linkaletsa msilikali wa Britain kapena wapolisi wa kumpoto kukhala membala. Makalabu a kummwera atayamba kufuna kuti lamuloli lichotsedwe, a kumpoto ankayankha potchula bwalo la Crossmaglen. Linadzachotsedwa mu November 2001, apolisi a kumpoto atasinthidwa dzina ndi kayendetsedwe, ndipo ngakhale pamenepo maboma asanu mwa asanu ndi limodzi a kumpoto anavota zokana, kuphatikizapo Armagh. Kukhala munthu wa GAA kunalinso koopsa. Mu 1988 Aidan McAnespie anaomberedwa ndi msilikali ku Aughnacloy akupita kubwalo la mpira. Mu May 1997 wapampando wa kalabu ya Bellaghy, Sean Brown, anagwidwa ndi gulu lankhondo la mbali inayo akutseka geti la bwalo lawo usiku, n'kukaphedwa. Miyezi yochepa m'mbuyomo timu yakeyo inali itasewera ndi Crossmaglen mu ndime yomaliza ya Ulster.

Tsopano tiyang'ane zaka zija. M'zaka za m'ma 1960, asilikali asanabwere, Rangers inatenga chikho cha Armagh kasanu. Kuyambira pomwe malo analandidwa mu 1971 mpaka 1995, zaka 25 zathunthu, inachitenga kanayi kokha: 1975, 1977, 1983 ndi 1986. Cha Ulster sinachione n'komwe, ngakhale mpikisano wa makalabu a chilumba chonse unali utayamba kale m'nyengo ya 1970 ndi 1971. Kuchokera 1986 panadutsa zaka 10 popanda kanthu. Kukanakhala kuti kuzunzidwa n'komwe kumapambanitsa timu, zaka zimenezi zikanakhala za zikho zokhazokha. Zoona zake n'zakuti nkhondo inaifooketsa kalabuyi monga inafooketsera china chilichonse m'deralo, ndipo achinyamata ambiri ankapita ku England ndi ku America kukafuna ntchito. Kusamukaku ndi kwakale ndithu: Clare Short, nduna ya Britain yomwe inkayang'anira DFID kuyambira 1997 mpaka 2003, dzina lomwe ena a ife tinkalimva pankhani za thandizo, anabadwira ku Birmingham koma bambo ake anali a ku Crossmaglen.

Chimene nkhondo inachita, mmene ine ndikuonera, ndi kusiya kalabuyo ili malo okhawo omwe mwana akanapita madzulo makolo ake n'kudziwa kuti ali ndi anthu. Akuluakulu ochepa odzipereka anapitiriza kuphunzitsa timagulu ta ana pansi pa phokoso lija, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kunatuluka mbadwo wa anyamata omwe anakulira limodzi, kupambana limodzi m'mipikisano ya ana, n'kufika msinkhu wa timu yaikulu nthawi yomwe IRA inalengeza kuti yaika zida pansi, pa 31 August 1994. Mtendere wosalimbawo unasokonekeranso mu 1996, koma mphepo inali itasintha kale. Mbadwo umenewu unapeza mphunzitsi woyenera, Joe Kernan, mwana wa m'tauni momwemo, yemwe mu 1977 anamwetsa zigoli ziwiri mu ndime yomaliza ya maboma pomwe Armagh inakwapulidwa ndi Dublin.

Mu 1996 anatenga chikho cha Armagh ndi cha Ulster, ndipo pa 17 March 1997, tsiku la Patrick Woyera lomwe kale ndime yomaliza ya makalabu inkaseweredwa, anagonjetsa Knockmore ya ku Mayo 2-13 kwa 0-11 pa Croke Park. Kaputeni anali Jim McConville, ndipo mng'ono wake Oisín ndi amene anavutitsa kwambiri tsiku limenelo. Mu 1999 anapambana Ballina Stephenites ndi pointi imodzi yokha, 0-9 kwa 0-8, masewero omwe kwa nthawi yaitali ankaoneka ngati awataya. Mu 2000 anagonjetsa Na Fianna ya mumzinda wa Dublin. Pakati pa zikho zimenezi m'pomwe pangano la mtendere la Good Friday linasainidwa, pa 10 April 1998, ndipo mu 1999 Britain inabweza malo aja. Kampu yokha inakhalapobe mpaka 2007, chaka chomwe ntchito ya asilikali ku Northern Ireland inatsekedwa, ndipo chaka chomwecho Rangers inatenga chikho chachinayi itagonjetsa Dr Crokes ya ku Kerry pa masewero obwereza.

Kunyumba ndiye kunalibe wopikisana nawo. Kuyambira 1996 mpaka 2008 anatenga chikho cha Armagh zaka 13 zotsatizana. Pearse Óg ya mumzinda wa Armagh inawadula mu 2009, koma anabwereranso n'kutenga zina zisanu ndi chimodzi zotsatizana mpaka 2015. Ndiye kuti pa zaka 20 anaphonya chimodzi. Goloboyi wawo, Paul Hearty, anakhalapo pa zonse 19. Apa m'pomwe lamulo la kusagula osewera limaonetsa mbali yake ina. Mu mpira wamalonda timu yaing'ono ikatulutsa akatswiri, chaka chamawa olemera amawatola onse. Kuno palibe akanamutenga Oisín McConville kapena mapasa John ndi Tony McEntee, kapena Francie Bellew wotchinga kumbuyo, munthu wosalankhulalankhula yemwe ochemerera ankamukonda koposa. Anakhala pamodzi zaka zoposa 10. Koma lamulo lomwelo limatanthauzanso kuti oyandikana nawo, Culloville, Silverbridge ndi Cullyhanna, omwe ali pamtunda woti n'kupalasa njinga, sakanachitira mwina koma kudikira kuti kwawo kubadwe ana otere. Ndikukhulupirira kuti kwa wosewera wa kalabu ina ya ku Armagh, zaka zimenezo zinali zowawa osati zonyaditsa.

Kaseweredwe kawo nakonso kanali ndi chizindikiro. Pomwe matimu ambiri anayamba kudzaza anthu kumbuyo n'kumapatsirana ndi manja pafupipafupi, Crossmaglen inkakonda kumenya mpira wautali ndi phazi kupita kwa akutsogolo msanga. Inkadziwikanso ndi kusagonja mphindi zomaliza. Matimu angapo anaitsogolera mpaka kumapeto n'kudzaona chikho chikupita.

Joe Kernan atachoka pakalabu anakatenga timu ya boma la Armagh, yomwe inali isanapambanepo chikho chachikulu cha maboma onse a pachilumbachi, chotchedwa Sam Maguire. Mu September 2002 anakumana ndi Kerry, akatswiri a mpirawu kuposa boma lina lililonse. Chigawo choyamba Oisín McConville anaphonya penate, ndipo popita kokapuma Armagh inali kumbuyo ndi mapointi anayi. M'chipinda chosinthira zovala Kernan anatulutsa chikumbutso chomwe anapatsidwa atagonja mu 1977, n'kuchimenyetsa kukhoma osewera akuona. Chigawo chachiwiri McConville yemweyo anamwetsa chigoli, ndipo masewero anatha 1-12 kwa 0-14. Mwawerengera kale: 15 kwa 14.

Chinthu chomwe chimandichititsa chidwi kwambiri ndi mmene maina omwewo amabwererabwerera. Anayi mwa ana aamuna a Kernan, Stephen, Aaron, Tony ndi Paul, onse anasewerera Rangers. Tony McEntee atasiya kusewera anakhala mphunzitsi pamodzi ndi Gareth O'Neill, ndipo awiriwa anatenga zikho za 2011 ndi 2012, pogonjetsa St Brigid's ya ku Roscommon ndi Garrycastle ya ku Westmeath, ali ndi mbadwo watsopano wa anyamata monga Jamie Clarke. Ana a Gareth O'Neill, Oisín ndi Rian, amalume awo ndi Oisín McConville. M'tauni ya anthu osakwana 2,000, mabanja ochepa okonda mpira akakwatirana, ana awo amakula mpira uli pakhonde, ndipo mphunzitsi wawo amakhala bambo, amalume kapena woyandikana naye nyumba. Zikho zisanu ndi chimodzi za chilumba chonse ndi 11 za Ulster zinachokera mmenemo. Ndi Nemo Rangers yokha ya mumzinda wa Cork, yomwe ili ndi zisanu ndi ziwiri, imene ili patsogolo pawo.

Mbadwo ukatha, timu yosagula osewera imatsika basi. Mu 2016 amene anawatulutsa mu mpikisano wa Armagh anali Cullyhanna, anansi aja odikira. Anatenganso chikho cha bomalo mu 2018, 2019, 2022 ndi 2023, koma ku Ulster, komwe anapambana komaliza mu 2015, mphamvu zinasamukira kwa Slaughtneil ndi Glen za ku Derry, ndi Kilcoo ya ku Down, nazonso makalabu a m'madera aang'ono. Mu July 2024 Armagh inatenganso Sam Maguire kachiwiri m'mbiri yake itagonjetsa Galway 1-11 kwa 0-13, kusiyana kwa pointi imodzi ngati mu 2002. Rian O'Neill anayamba masewerowo, ndipo mkulu wake Oisín analowa chigawo chachiwiri. Onse awiri anabadwa kampu ija idakalipo kuseri kwa golo, koma pomwe ankayamba kusewera timu yaikulu mahelikopita anali atapita kalekale.